Mudzi unawalandira kale, chatsala ndi pepala la boma

Boma la Zambia likamakamba zothandiza anthu ochokera kunja kuti akhazikike, maso ake amapita kumalo atatu: Mayukwayukwa ku Kaoma, msasa wa mu 1966, Meheba ku chigawo cha Kumpoto chakumadzulo, wa mu 1971, ndi Mantapala ku Nchelenge, umene unatsegulidwira othawa nkhondo ya ku Congo mu 2018. Kumeneko kuli maofesi a Komishonala woona za othawa kwawo, kuli a UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, kuli masukulu, zipatala ndi minda yogawidwa. Kuno Kum'mawa kulibe msasa ngakhale umodzi. Ndiye bwana wokhala mu ofesi ku Lusaka akayang'ana mapu ake angaganize kuti chigawo chathu chilibe wobwera wofuna thandizo, chili ndi ozembetsa chimanga ndi odutsa njira za zalewa basi.

Ife okhala kuno tidziwa kuti obwera alipo, ndipo ambiri a iwo tinaleka kale kuwatcha alendo. Alipo amayi a ku Mchinji ndi ku Kasungu amene anatengwa ku Chipangali, ku Vubwi ndi ku Lundazi, ana awo n'kukula, ena n'kukhala pabanja. Alipo akamwini ochokera ku Chifunde ndi ku Maravia, kutsidya kwa Mozambique, amene anamanga ku Chadiza, ku Katete ndi ku Nyimba, ndipo lero ndiwo aluka nkhokwe za apongozi. Alipo anyamata obwera kudzagwira ganyu m'minda ya fodya ndi soya, ena obwerera kwawo akakolola, ena okhalira konkuno. Aliponso anthu aimvi amene anafika ali ana pothawa nkhondo ya Renamo ku Mozambique, makolo awo n'kugona m'manda a kuno, iwo osadziwanso njira ya kwawo.

Anthu amenewa safuna msasa. Safuna bulangete la mabungwe kapena mphunzitsi wa chiyankhulo, poti Chichewa, Chinsenga ndi Chitumbuka anachita kuyamwira. Chimene asowa ndi pepala lonena kuti boma likudziwa kuti alipo ndipo lawalola kukhala. Tsono ofesi yokhayo imene ingapereke pepalalo, ya imigireshoni, ndi yomweyonso ili ndi mphamvu yowamanga ndi kukawatula pa boda. Munthu wanzeru zake sapita kukadzipereka yekha kumeneko. Amangokhala chete, zaka n'kumapita, ndipo kukhala chete kwakeko kumasanduka mlandu waukulu kuposa umene anayamba nawo. Ine ndikuti thandizo loyamba limene boma lingapereke kwa obwera Kum'mawa ndi khomo limene munthu angalowepo, n'kufotokoza mbiri yake yonse osabisa kanthu, n'kutuluka wopanda unyolo m'manja.

Ntchito yaikulu yolandira munthu, mudzi umaigwira wokha, ndipo umaigwira bwino. Wobwera safika n'kungoyamba kudula mitengo yomangira. Amapita kwa a nyakwawa ali ndi womuperekeza, kaya mlamu wake, kaya mkulu wa mpingo, amene amanena kuti munthu uyu ndimudziwa, kwawo ndi kwakuti, mfumu yake ndi auje. Akamuvomera amamulozera pomanga ndi polima, dzina lake n'kulowa m'buku la mudzi, buku limene lamulo la mu 1971 la kalembera ndi chitukuko cha midzi linati lizisungidwa m'mudzi uliwonse. Mpingo umafunsa kalata yosamukira. Ukwati umafuna ankhoswe mbali zonse ziwiri, ndipo a kwawo kwa wobwerayo amachita kuwoloka malire kudzaonekera. Koma mayeso enieni ali pa maliro. Kodi amagona pa siwa? Amagwira khasu kumanda pamodzi ndi adzukulu? Mbale ya ufa ikamazungulira, pakhomo pake pamatuluka kanthu? Akapambana pamenepo, palibenso wofunsa kumene mchombo wake unagwera. Ndi ofesi iti ya boma ingamupime munthu mozama chotero?

Si zodabwitsa kuti mudzi suvutika, pakuti malire anachita kupeza mbumba zili kale m'malo mwake. Angerezi ndi Apwitikizi anapangana za mzere wa kum'mwera kwathu mu 1891, ndipo wa ku Malawi unangotsata mtunda wogawa madzi opita ku Luangwa ndi opita ku nyanja. N'chifukwa chake kumapeto kwa Ogasiti mafumu a Achewa a maiko atatu amasonkhana ku Mkaika kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo mu Febuluwale ku Mtenguleni Angoni a ku Malawi amaponda ngoma bwalo limodzi ndi a Mpezeni. Pa masiku amenewo nduna za boma zimalankhula za ubale mpaka mawu kusasa. Sabata yotsatira, mayi amene analulutira nawo pa bwalo lomwelo akapezeka pa rodibuloko alibe reji, chitupa cha boma chozindikiritsa munthu, ubale uja sumuwombola.

Kale munthu ankatha kukalamba kumudzi osafunsidwapo chitupa. Masiku amenewo anapita. Laini ya foni imalembedwa ndi chitupa, ndipo wopanda chitupa amalandirira ndalama zake pa nambala ya mnzake, n'kudzadziwa tsiku loyambana kuti ndalamazo sizinali zake. Fataleza wotsika mtengo wa FISP, kugulitsa chimanga ku bungwe la boma la FRA, akaunti ya ku banki, ngongole ya ku kopaletivu, zonsezi zimayamba ndi funso limodzi la reji. Ulendo wa ku Lusaka kukaona wodwala amauopa chifukwa cha chipata cha pa mlatho wa Luangwa. Zimenezi munthu angapirire. Chimene chimandiwawa ine ndi mmene kusowa pepala kumasandukira chikwapu m'manja mwa achibale. Mkazi womenyedwa sapita ku Victim Support Unit ya apolisi, poti mwamuna anamuuza kale kuti ukakangofika kumeneko akayamba kufunsa za iwe. Mwamuna akamwalira, olanda chuma safunanso kukangana za ng'ombe ndi malata, amangoti, "Mlamu, musatiiwalitse kumene munachokera." Mayi wa ana asanu amanyamula mtolo wake m'mamawa, kusiya nyumba imene anaumbira yekha njerwa. Lamulo la chuma cha masiye lili kumbali yake, koma amene angamuuze zimenezo ali mu ofesi imene iye amaiopa.

Za ana ndiye zimavuta kumvetsa. Malamulo aakulu a dziko, monga anakonzedwera mu 2016, amati mwana amene kholo lake limodzi ndi nzika ya Zambia nayenso ndi nzika kuyambira tsiku lobadwa. Palibe chokayikitsa pamenepo. Koma akafika zaka 16 kuti akatenge reji, amafunika umboni, ndipo umboni ndi umene tilibe. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka 5, ana 14 okha ndiwo kubadwa kwawo kunalembedwa ku boma. Ngati bambo wa ku Zambia anamwalira, kapena anapita ku Lusaka n'kutchona, mwana amatsala ndi mayi wopanda chitupa ndi kadi ya ku sikelo imene chiswe chinadya kale. Nanga wobadwa kwa obwera onse awiri? Wabadwira kuno, katemera walandirira kuno, kuyambira 2022 akuphunzira sukulu yaulere, nyimbo ya fuko amaiimba m'mawa uliwonse. Akamaliza giredi 12 ndi pamene amazindikira kuti Zambia samuwerengera, ndipo ku Malawi kapena ku Mozambique kulibe buku limene muli dzina lake. Boma lamuphunzitsa ndi ndalama za misonkho yathu, kenako likumutsekera khomo la koleji ndi la ntchito. Ngakhale munthu wosakonda alendo avomereze kuti kumeneko ndi kutaya ndalama.

Wina adzati malamulo alipo, anthu ndi amene sawatsata. Zoona, pa pepala makomo alipo. Lamulo la imigireshoni la mu 2010 lili ndi pemiti ya munthu wokwatira kapena wokwatiwa ndi nzika, lili ndi chiphaso cha pa boda cha anthu okhala m'malire, lilinso ndi pemiti ya amalonda owoloka malire. Malamulo aakulu amalola wokwatirana ndi nzika kupempha unzika akakhala naye m'banja zaka 5, ndipo wina aliyense akakhala m'dziko zaka 10 mosadukiza. Kuyambira 2016 munthu angakhale nzika ya maiko awiri. Lilipo ngakhale reji la pinki la anthu a maiko a Commonwealth, kumene Malawi ndi Mozambique ali mamembala. Koma yesani kutsata njira imeneyi ndi mapazi a mayi wa kumudzi. Afunika pasipoti ya kwawo, imene sanaigwirepo chibadwire. Afunika setifiketi ya ukwati, pamene ukwati wake unamangidwa ndi ankhoswe ndi nkhuku. Mafomu ali m'Chingerezi, ambiri amadzazidwa pa intaneti, ndipo malipiro ake si a mlimi wa ekala imodzi. Zaka 20 zimene wakhala kuno sizimuthandiza, poti zaka zimene boma limawerenga ndi zokhala ndi mapepala. Makomo amenewa anapangidwa poganizira injiniya wa ku migodi ya ku Solwezi ndi mwini kampani wobwera pa ndege. Kwa wobwera wapansi, lamulo likuganizabe kuti mlendo ndi mame, dzuwa likakwera akamuka. Awa sanakamuke, ali ndi zidzukulu.

Chigawo chathu chinaonapo njira ziwiri zolandirira anthu, ndipo akuluakulu akuzikumbuka. Mu 1972 a Mboni za Yehova masauzande ambiri anathawa ku Malawi, kumene ankamenyedwa ndi kuwotcheredwa nyumba chifukwa chokana kugula makadi a chipani cha Kongeresi. Anaunjikidwa ku Sinda Misale, pafupi ndi malire. Madzi abwino anasowa, matenda anabuka, anthu mazana anafa, ambiri mwa iwo ana, ndipo chaka chisanathe otsalawo anakwezedwa m'malole kubwezedwa komwe anathawa. Ku Sinda Misale sikunatsale chilichonse chimene munthu angaloze n'kunena kuti ichi tinapindula.

Patapita zaka 15 tinachita mwina. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula ku Tete, anthu anawolokera kuno, ambiri n'kufikira kwa achibale m'midzi ya m'malire. Zigawenga zitayamba kuwoloka kudzapha ndi kuba m'midzi yathu, boma linatsegula Ukwimi mu 1987, kumpoto kwa Petauke, kutali ndi malire. Kumeneko banja lililonse linkapatsidwa munda, mbewu ndi makasu. A UNHCR ndi bungwe la Lutheran World Federation anathandiza kukumba zitsime, kulambula misewu, kumanga masukulu ndi zipatala zazing'ono, ndipo eni dera oyandikana nawo ankatunga ndi kuchizidwa pamodzi ndi obwerawo. Anthu oposa 20,000 anakhala kumeneko, ndipo sipanapite zaka zambiri asanayambe kudzidyetsa okha ndi kugulitsa zotsala. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992, ambiri anabwerera kwawo cha m'ma 1994, koma zitsime ndi makalasi sananyamule. Boma linagawira malowo alimi a ku Zambia, ndipo lero Ukwimi ali m'boma la Lusangazi, limene linapatulidwa ku Petauke mu 2018. Mwana wa Chinsenga wophunzira kumeneko lero akukhala m'kalasi imene inamangidwa chifukwa cha mlendo. Amene amati ndalama yothandiza wobwera ndi yotayika apite akaone.

Koma nkhani ya Ukwimi ili ndi mbali ina imene sitikamba. Si onse analola kukwera malole opita kumeneko. Ambiri anaona kuti kukhala kwa malume, pafupi ndi minda yawo yakale, n'kwabwino kuposa kupita kutchire kwa anthu osawadziwa, ndiye mudzi unawabisa. Amene anapita ku msasa analembedwa, anathandizidwa, n'kuperekezedwa kwawo ndi mapepala. Amene anakhala pakati pathu, n'kukhazikika bwino koposa onse, ndiwo anatsala opanda dzina m'mabuku a boma lililonse. Anthu aimvi aja ndawatchula poyamba ndi amenewa.

Zambia si dziko louma mtima pa nkhani imeneyi, ndipo ndisanamizire boma. Mu 2011 linalonjeza kukhazika mpaka kalekale anthu 10,000 a ku Angola amene anali othawa kwawo, kenako linawonjezera a ku Rwanda 4,000. Ku Meheba ndi ku Mayukwayukwa minda inagawidwa kwa iwo ndi kwa nzika moyandikana, kuti pasakhale mudzi wa alendo okhaokha. Mu 2017 panabwera lamulo latsopano la othawa kwawo m'malo mwa lija la mu 1970, ndipo mu 2023 boma linavomereza ndondomeko ya dziko lonse yokhudza anthu amenewa. Zonsezi n'zabwino. Komabe ntchito ya Angola ndi Rwanda inayenda mwaukamba pa chifukwa chimodzi chimene ife tiyenera kuchigwira: pemiti ya Zambia inkadikira pasipoti ya kwawo. A ku Angola ambiri anabadwira mu msasa ndipo mapepala a kwawo ankachedwa, pamene a ku Rwanda ambiri ankaopa n'komwe kukapempha pasipoti ku boma limene analithawa. Pepala lodalira pepala lina limene munthu sangalipeze silithandiza. Ndipo kumbukirani kuti anthu a Kum'mawa amene ndikukamba si othawa kwawo mwa lamulo, choncho ngakhale ndondomeko zabwinozi siziwakhudza.

Tsopano kwa amene akutsutsa, ndipo ndidziwa kuti alipo ambiri, ena a m'nyumba mwanga momwe. Akuti fataleza satikwanira ife eni, mankhwala m'kiliniki amatha pakati pa mwezi, malo olima akuchepa, ndiye tiitanirenji ena? Dandaulo limeneli si la nkhanza, ndi la munthu amene wagonapo pa mzere wa ku depoti. Koma sindikunena zoitana munthu. Anthu awa ali kale pano, akutunga kale pa mjigo, ana awo akhala kale pa desiki. Pepala lokhalira m'dziko si unzika. Silipatsa munthu voti, ndipo boma lingathe kunena poyera kuti fataleza wotsika mtengo ndi wa nzika zokha. Chimene pepala limachita ndi kuonetsa boma kuchuluka kwenikweni kwa anthu amene kiliniki ya m'malire ikuwatumikira, kuti mankhwala ndi anamwino azitumizidwa moyenera. Munthu wobisala amadya nawo koma sawerengedwa, ndipo mtolo wake umagwera kiliniki yomweyo ndi mphunzitsi yemweyo.

Dandaulo lachiwiri ndi la mavoti. Chisankho chikayandikira timamva kuti a ku Malawi apatsidwa mareji obiriwira, aja a nzika, ku Lundazi kapena ku Vubwi, ndipo chipani chilichonse chimaloza chinzake. Funso limene sitifunsa ndi lakuti munthu amanamiranji kuti ndi nzika. Ambiri safuna voti. Afuna laini ya foni ndi mtendere pa rodibuloko. Poti khomo lotseguka ndi limodzi lokha, la reji lobiriwira, amalowera pomwepo, mlamu n'kulumbira kuti ndi mphwake, a nyakwawa n'kusaina pochitira chifundo mkamwini amene amawalimira. Mukatseka makomo onse oona, mwaphunzitsa mudzi wonse kunama. Tsegulani khomo lachiwiri lotsika mtengo, lonena zoona kuti uyu ndi wa ku Malawi wokhala mwalamulo kwa a nyakwawa auje, ndipo mudzaona ofuna lobiriwira mwachinyengo akuchepa.

Komanso ife a Kum'mawa tiyenera kuchenjera ndi nyimbo ya "uyu si wathu", pakuti ikayamba imathera pa ife tomwe. Mu 1994 William Banda ndi John Chinula, andale a UNIP, anathamangitsidwira ku Malawi ponenedwa kuti si a Zambia. Chinula anamwalira asanabwerere ku Zambia, ndipo mu 1999 bungwe la Africa loona za ufulu wa anthu linagamula kuti boma linalakwa. Mu 1996 malamulo anasinthidwa kuti wopikisana pa upulezidenti akhale wa makolo obadwira m'Zambia, aliyense akudziwa kuti cholinga chinali Kenneth Kaunda, amene makolo ake anachokera ku Nyasaland. Mu 1999 khoti la ku Ndola linafika ponena kuti munthu amene analamulira dziko lino zaka 27 alibe dziko. Ngati zinachitikira KK, kuli bwanji Phiri kapena Banda wa ku Chadiza amene agogo ake anabadwira kuseri kwa phiri? Pamene palibe kalembera womveka wa amene ali nzika ndi amene ali wokhala mwachilolezo, aliyense wa dzina la kuno angathe kukayikiridwa tsiku limene wakwiyitsa munthu wamphamvu.

A zaumoyo anaizindikira kale nkhaniyi. Poliyo atapezeka ku Lilongwe mu Febuluwale 2022, kenako ku Tete, opereka katemera anayenda khomo ndi khomo kudontheza m'kamwa mwa mwana aliyense, osafunsa reji la mayi. Kolera atavuta ku Malawi n'kufika ku Vubwi mu Januwale 2023, panalibe nthawi yosankha wodwala. Iwo adziwa kuti munthu woopa boma amabisa wodwala m'nyumba, ndipo wa TB kapena wa ma ARV akasiya mankhwala poopa kufunsidwa, matendawo sakhala ake yekha. Ngati unduna umodzi unatha kulekanitsa ntchito yothandiza ndi ntchito yogwira anthu, ena akulephera pati?

Za aganyu ndiye ifenso tili ndi mlandu. Kwacha ya Malawi itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama ya Zambia inasanduka yonona kwa mnyamata wa ku Mchinji, ndipo obwera kudzalima anachuluka. Mlimi aliyense wa fodya adziwa kuti popanda manja amenewa ntchito siyenda. Koma ndani kuno sanamvepo za bwana amene amadyetsa antchito nyengo yonse, kuwalonjeza malipiro fodya akagulitsidwa, kenako sabata ya malipiro a imigireshoni n'kutulukira pa famu ngati kuti alota? Mnyamata amabwerera kwawo ndi matuza m'manja basi. Sangapite ku ofesi ya zantchito, poti kumeneko akadzineneza yekha. Wotaya wina ndi mnyamata wa ku Zambia, chifukwa palibe amene angamulembe pa mtengo woyenera pamene pali wina amene angagwiritsidwe ntchito ulere. Pemiti ya nyengo imodzi, yotsika mtengo, yolembedwa dzina la bwana ndi malipiro amene apangana, ingateteze onse awiri. Ndipo tisadzione ngati ndife olandira okha. Agogo athu anayenda pansi kupita ku Walale ndi ku Joni. Rupiah Banda, pulezidenti wathu wakale, anabadwira ku Gwanda, ku Zimbabwe, mu 1937 chifukwa makolo ake anapita kukafuna ntchito. Zidzukulu za amene anatchona ku Zimbabwe zinakhala zaka zambiri ndi zitupa zolembedwa kuti ndi alendo m'dziko limene zinabadwira, ndipo tikamva nkhani zawo timapukusa mitu.

Pali gulu lina limene mudzi sungalithandize, ndipo pamenepa boma lokha ndilo lingagwire ntchito. Ndikunena anyamata a ku Ethiopia ndi ku Somalia amene amadutsitsidwa kuno usiku pa ulendo wa ku South Africa. Alibe malume kuno, sadziwa chiyankhulo, ndipo amene amawanyamula amawaona ngati katundu. Mu Okutobala 2022 manda a anthu ambiri oganiziridwa kuti ndi a ku Ethiopia anapezeka m'nkhalango ku Mzimba, ndipo mu Disembala chaka chomwecho mitembo 27 inatayidwa m'mbali mwa msewu ku Ngwerere, pafupi ndi Lusaka. Ogwidwa ali moyo amathera m'ndende, kuyembekezera tikiti yobwerera imene palibe akudziwa kuti agula ndani. Tili ndi lamulo la mu 2008 loletsa kugulitsa anthu, ndipo limati wochitiridwa zimenezi atetezedwe. Koma woweruza angadziwe bwanji kuti uyu ndi wogulitsidwa ngati m'khoti mulibe womasulira Chiamhariki? Chigawo chokhala ndi zipata za Mwami, Chanida ndi Lusuntha chiyenera kukhala ndi omasulira odziwika ndi malo osungirako ana ndi amayi otere kunja kwa ndende.

Khomo limene ndikupempha lisakhale ku imigireshoni. Likhale ku ofesi ya zachitukuko cha anthu ndi chisamaliro, imene ili kale m'boma lililonse ndipo ili ndi makomiti ake m'midzi, aja amalemba okalamba ndi olumala olandira ndalama za mtukula pakhomo. Munthu afikepo, auzidwe m'chiyankhulo chake kuti pepala lomuyenera ndi liti, mtengo wake ndi uti, mwana wake ndi nzika kapena ayi, ndipo lamulo linene mosabisa kuti zimene wanena pamenepo sizidzagwiritsidwa ntchito pomumanga. Breeze FM ndi Radio Maria zimamveka mpaka kuseri kwa malire; uthenga utaulutsidwa kumeneko sabata ziwiri zokha, ungafike kumene kalata ya boma sinafikepo. Kenako boma liike nyengo, kaya chaka chimodzi, yakuti aliyense amene wakhala kuno zaka zambiri adzilembetse popanda chilango. Galimoto yopereka mareji imadziwa kale njira ya kumidzi, poti chisankho chikayandikira imafika ngakhale kumene ambulansi sifika. Ipite ulendo wina ndi wa imigireshoni wonyamula chidindo m'malo mwa unyolo, wolemba za kubadwa kwa ana, ndi akalembera a ku Malawi ndi ku Mozambique oti apereke zitupa za kwawo pa tebulo lomwelo. Mu Disembala 2022 apulezidenti Hakainde Hichilema ndi Lazarus Chakwera anatsegula boda ya Mwami ndi Mchinji yoti maofesi a maiko awiri azigwirira ntchito pamodzi, kuti malole asamachedwe. Ngati zinatheka chifukwa cha matumba a simenti, zingatheke tsiku limodzi pa bwalo la mfumu chifukwa cha anthu.

Ndidziwa kuti a nyakwawa ena adzayamba kugulitsa makalata, monga ena amagulitsira malo kawiri. Mankhwala ake ndi kuchitira zinthu poyera. Umboni uperekedwe pa bwalo, mudzi wonse ukumva, ndipo buku la mudzi lifananizidwe ndi la ubatizo, la kusukulu ndi la ku sikelo. Munthu angagule siginecha ya mfumu, koma n'kovuta kugula mudzi wonse kuti uvomereze kuti wafika dzana uja anakumba nawo manda a chaka cha njala. Ndalama zoyendetsera ntchitoyi si zoopsa: ndi mafuta a galimoto, mapepala ndi malipiro a akalaliki, pamene thumba la chitukuko la CDF linakwezedwa kufika K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2022.

Aphungu a Vubwi, Chadiza, Chipangali ndi Lundazi akuidziwa bwino nkhaniyi, ena ali ndi azakhali otere m'mabanja mwawo. Saitchula ku nyumba ya malamulo poopa kunenedwa kuti akusaka mavoti a ku Malawi. Ndiye ayambe ndi mafumu, amene sadikira chisankho. Kalonga Gawa Undi ali ndi mafumu mbali zonse zitatu za malire, Nkhosi ya makhosi Mpezeni ili ndi abale ake ku Mchinji, ndipo mabuku a midzi ali m'manja mwa anthu awo. Apemphe unduna wa zam'dziko kuti ntchitoyi iyesedwe m'dera la mfumu imodzi ya m'malire, kuyambira ndi amene anabwera nthawi ya nkhondo ya Renamo ndi ana obadwira kuno amene akwanitsa zaka 16 chaka chino.